Wailesi ya m'kamyawu imalankhulira pa antena

Chaka chilichonse mvula ikangokhazikika mu Disembala, misewu ya fumbi ya m'chigawo chino cha Tete imasanduka nkhani ina. Msewu wochoka ku Bene kudzera ku Fingoé mpaka ku Zumbo, misewu ya ku Macanga ndi ku Chifunde, ngakhalenso tinjira tolowa m'minda ya mbatata ya kachewere ku Tsangano, ponseponse pamakhala matope, timitsinje todzaza mwadzidzidzi ndi milatho ya mitengo yokayikitsa. Walira mvula walira matope, anatero akuluakulu, koma amene amasenza matopewo ndi oyendetsa makamyawu pamodzi ndi maajudanti awo. Galimoto ikatitimira kapena ikathyoka chitsulo pakati pa tchire, katundu ali wowola msanga kapena pamwamba pali mayi wodwala wopemphetsa ulendo wa kuchipatala, jeke ndi khasu zimabwera pambuyo. Choyamba anthu amafunsana kuti: kodi anzathu tiwauza bwanji kuti tili pano?

Ambiri adzayankha msanga kuti foni ilipo. N'zoona ndithu. Kuyambira pamene mcel inatsegula ntchito yake mu 1997, Vodacom n'kutsatira mu 2003, ndipo makamaka Movitel itabwera mu 2012 ndi kuyamba kudzala milongoti m'midzi, foni ya m'manja yafika kumene kale kalata inkatenga mwezi wathunthu. Koma foni silankhula yokha ndi foni inzake. Imadalira mlongoti wa kampani, ndipo mlongotiwo umafuna magetsi ndiponso kuti pakati pasakhale phiri. Tsono galimoto sititimira pamwamba pa chitunda pamene netiweki ili mbwee. Imatitimira kunsi, m'dambo kapena powolokera mtsinje, pamalo penipeni pamene foni imakhala chete ngati mwala. Wailesi yolankhulirana, imene ena amaitcha ovaova, sidikira mlongoti wa kampani, sifuna kuthiridwa ndalama, ndipo munthu akalankhula kamodzi magalimoto onse a paulendowo amamva nthawi yomweyo.

Anthu a ku Angónia amene anali ndi maso m'zaka za 1993 ndi 1994, pamene othawa nkhondo ankabwerera kuchokera ku Malawi pangano la mtendere litasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, akukumbukira magalimoto oyera a ONUMOZ ndi a mabungwe othandiza anthu. Ambiri mwa magalimotowo anali ndi chinthu chonenepa ngati munsi chomangidwa pa bampa ya kutsogolo, pamwamba pake pali ndodo yaitali yogwedera. Imeneyo inali antena ya wailesi ya HF, kawirikawiri ya mtundu wa Codan wa ku Australia, ndipo ndiyo inkachititsa kuti galimoto ili ku Dómuè ilankhule ndi ofesi ku Tete popanda foni iliyonse. Anthu aja sankachita manyazi kumanga chimunsi chotere pa galimoto yatsopano, chifukwa ankadziwa pamene pagona mphamvu.

Masiku ano zinthu zatembenuka. Mwini makamyawu akapita kukagula wailesi, funso lake limakhala limodzi: ili ndi mawati angati? Akamva kuti 50 amasekerera, akamva kuti 5 amanyoza. Ndalama zonse zimathera pa bokosi, antena n'kugulidwa ndi chenji chotsala, kenako n'kumangidwa ndi mnyamata wa pa garaji pamalo alionse pamene pali bawuti kale. Mawa lake wailesi ikalephera kufika ngakhale makilomita 3, mlandu umagwera wogulitsa. Chonsecho bokosi lija lilibe mlandu. Wailesi ya mawati 5 yokhala ndi antena yabwino padenga ikhoza kuposa ya mawati 50 imene antena yake yabisika kuseri kwa kabini. Komanso mawati ndi a pakamwa pokha. Khutu la wailesi ndi antena, kotero wokhala ndi mawati ambiri ndi antena yoipa ali ngati gonthi wofuula: anzake akumumva pang'ono, iye sakumva yankho.

Mafunde a VHF ndi UHF, amene mawailesi ambiri a m'magalimoto amagwiritsa ntchito, amayenda ngati kuwala kwa tochi. Sakhota kuzungulira phiri, ndipo popeza dziko ndi lobulungira, ngakhale pa chigwa chosalala amafika pena n'kupitirira m'mwamba. Ma antena awiri, iliyonse itatalika mamita 4 kuchokera pansi, amaonana mpaka makilomita pafupifupi 16 ngati pakati palibe phiri kapena nkhalango. Anthu awiri oimirira pansi ndi mawailesi a m'manja safika kupitirira makilomita 10 ngakhale malo atakoma chotani, ndipo m'tchire lowirira kapena m'mapiri a ku Marávia mtundawo umatsika mpaka 2 kapena 3. Koma munthu atakwera phiri la Dómuè, limene nsonga yake ili pamwamba kupitirira mamita 2,000, kawailesi komweko kangamveke pa mtunda wa makilomita makumi angapo. Ndicho chifukwa chake nyumba zoulutsa mawu zimawononga ndalama zambiri pa mlongoti kusiyana ndi pa maikolofoni. Kuwonjezera mawati kumathandiza kuboola masamba ndi phokoso, koma sikusuntha phiri.

Kutalika kwa ndodo ya antena nako sikongoyerekeza. Funde lililonse lili ndi utali wake, ndipo umapezeka pogawa 300 ndi nambala ya MHz yolembedwa pa wailesi. Wailesi ya CB ili pa 27 MHz, funde lake ndi mamita 11. Ya VHF ya pa 150 MHz ili ndi funde la mamita 2, ndipo ya UHF ya pa 450 MHz funde lake ndi masentimita 67. Antena yosavuta kuposa zonse imakhala gawo limodzi la magawo 4 a funde, ndiye kuti mamita pafupifupi 2.7 pa CB, theka la mita pa VHF, ndi masentimita 16 kapena 17 pa UHF. Wotenga ndodo ya wailesi yomvera nyimbo pa galimoto yakufa n'kuimanga pa CB wavala nsapato ya mwana wake. Zilipo antena zazifupi za CB, zokhala ndi waya wokulungidwa m'kati wonamiza wailesi kuti ndodo ndi yaitali. Zimagwira ntchito, koma ikafupika kwambiri mphamvu yambiri imathera m'koyilomo ngati kutentha.

Ku America oyendetsa malole anazolowera CB, ya matchanelo 40 kuyambira mu 1977, ndipo aliyense amadziwa kuti anzake a pamsewu amapezeka pa tchanelo 19. Ku Australia, dziko la misewu yaitali ya fumbi, amakonda UHF ya pa 477 MHz, ndipo malole amakumana pa tchanelo 40. Kuno munthu asayembekezere kuti akatsegula wailesi pakati pa Furancungo ndi Mualadzi apeza mlendo akumvetsera. Wailesi imathandiza amene anapangana. Kwa magalimoto oyenda motsogozana, VHF ndiyo imakwanira bwino m'tchire, chifukwa masamba onyowa amaidya pang'ono kusiyana ndi UHF ndipo ndodo yake ndi yaifupi yosavuta kuteteza.

Nkhani yaikulu, imene ambiri saidziwa, ndi yakuti ndodo yooneka kunja ija ndi theka chabe la antena. Theka linalo ndi chitsulo cha galimoto. Mafunde amafuna chitsulo chotambasuka pansi pa ndodo kuti adumphirepo, monga ng'oma ifunira thunthu kuti chikopa chilire. Malo abwino kuposa onse ndi pakati pa denga la kabini, pamene chitsulo chazungulira mbali zonse, ndipo mawu amapita mofanana kutsogolo, kumbuyo ndi m'mbali. Ikamangidwa pakona, mawu amapendekera kumene kuli chitsulo chambiri, kotero galimoto ya kutsogolo imamva bwino pamene ya kumbuyo ikungomva zokanda. Malo oipa kuposa onse ndi amene amakondedwa kwambiri, pakati pa kabini ndi bodi, pamene ndodo yaima moyandikana ndi khoma la chitsulo. Pamenepo mwiniwake amati yatetezeka ku nthambi. Zoonadi yatetezeka, komanso yatsekeredwa m'chipinda. Katundu akakhala marobota a fodya osanjika pamwamba kuposa kabini, ndiye basi, kumbuyo kulibe chopita.

Amene akukana kuboola denga akhoza kumanga pa chitsulo cha galasi loonera kumbuyo kapena pa bampa, bola mbali yaikulu ya ndodo ituluke pamwamba pa denga. Koma apa pali msampha wa masa, ndiko kuti kugwirana kwa tsinde la antena ndi thupi la galimoto. Utoto salola magetsi kudutsa, dzimbiri chimodzimodzi. Pomanga pafunika kupala mpaka chitsulo chiwale, kumanga bawuti molimba, kenako n'kupaka girizi kapena utoto pamwamba kuti madzi asalowe. Galasi limamangidwa pa chitseko, ndipo chitseko chimagwira galimoto kudzera m'mahinjesi odzaza mafuta ndi fumbi, kotero ndi nzeru kulumikiza chitseko ndi thupi la galimoto ndi kachingwe kafupi kolukidwa kopyapyala. Makamyawu ena atsopano ali ndi denga la faiba, limene pamaso limaoneka ngati chitsulo koma kwa wailesi kulibe kanthu. Pamenepo pafunika kumata chidutswa cha lata kunsi kwa denga, kapena kugula antena yopangidwira malo opanda chitsulo. Ya maginito ndi yabwino pa phula. Pa msewu wa makwinya wa ku Zumbo imayenda yokha padenga mpaka nthambi yoyamba itaigwetsa.

Nthambi ndizo mdani wa tsiku ndi tsiku. Kabini ya kamyawu yaikulu imafika mamita 3 ndi kupitirira, tsono woikapo ndodo ya CB ya mamita 2.7 wanyamula chinthu cha mamita 6 chimene chidzamenya mtengo wa mango uliwonse wa m'mudzi, ndipo choopsa kwambiri chikhoza kukhudza mawaya a magetsi olendewera. Ndodo yaitali chotere malo ake ndi pa bampa. Antena ya m'tchire iyenera kukhala ya chitsulo chopindika, yokhala ndi sipiling'i patsinde, yoti ikamenyedwa igone n'kudzukanso. Ya faiba youma imathyoka kamodzi kokha.

Pali ma antena ena a VHF ndi UHF amene ogulitsa amawatamanda kuti ali ndi gain yaikulu. Mawuwa amanyenga, chifukwa antena siwonjezera mphamvu. Imangotenga imene ikanapita m'mwamba n'kuifinya kuti ikhale yophwatalala ngati mbale, ifike kutali cham'mbali. Pa chigwa cha Zambezi zimenezi n'zabwino. Koma galimoto ikamakwera chitunda cha ku Tsangano mphuno ili m'mwamba, mbale ija imapendekeka nayo, mbali ina n'kuloza kumitambo, ina pansi, ndipo mnzake amene ali kunsi kwa chigwa samva kanthu. M'mapiri kandodo kafupi kotsika mtengo kamachita bwino kuposa kaatali kodula, ngakhale sikapatsa ulemu pa siteji.

Chingwe chochoka ku antena kupita ku wailesi chimaoneka ngati cha televizioni, koma n'zosiyana. Cha wailesi ndi cha 50 ohm, monga chotchedwa RG-58, pamene cha televizioni ndi cha 75 ohm. Chisatalike mopanda chifukwa, pakuti pa UHF mamita 10 a RG-58 amadya pafupifupi theka la mphamvu isanafike kunja. Chisapanikizidwe ndi chitseko, chisagone pafupi ndi paipi ya utsi, ndipo chikaduka chisalumikizidwe mopota mawaya ndi kukulunga pulasitiki monga achitira ndi waya wa nyale. Pamene chadutsa pa bowo la chitsulo pafunika mphira, apo ayi kugwedezeka kwa miyezi iwiri kudzachicheka. Madzi akalowa pa mutu wolumikizira amayenda m'kati mwa chingwe pang'onopang'ono, ulusi wa mkuwa n'kuda, ndipo wailesi imafooka mwakachetechete mwini wake osadziwa tsiku limene inayamba kudwala.

Zonsezi zikamangidwa, ntchito sinathe mpaka antena itayezedwa. Pali kachipangizo kotchedwa SWR meter kamene kamalumikizidwa pakati pa wailesi ndi chingwe, ndipo kamaonetsa mphamvu imene antena yakana n'kuibweza. Muvi ukaloza 1.5, yobwerera ndi magawo 4 pa 100 alionse, palibe chodandaula. Pa 2 yobwerera ndi 11 pa 100. Pa 3 ndi 25 pa 100, ndipo apa mmisiri amasiya kulankhula n'kuyamba kufufuza, chifukwa mphamvu yobwererayo imatenthetsa wailesi m'kati. Mawailesi ena amadziteteza podzichepetsera okha mawati, ndiye 50 uja amene mwini wake analipira amasanduka nambala ya pa bokosi chabe. Ena amangopsa.

Kuyezaku kumachitikira pabwalo, kutali ndi nyumba za malata ndi magalimoto ena, zitseko zili zotseka ndipo palibe munthu woima pafupi ndi ndodo. Mmisiri amayeza pa tchanelo ya pansi ndi pa ya pamwamba. Nambala ikakula pa ya pamwamba, ndodo yatalika. Ikakula pa ya pansi, yafupika. Ma antena ambiri ali ndi kabawuti kolola kukweza kapena kutsitsa ndodo, ndipo ngati pafunika kudula, azidula mamilimita ochepa n'kuyezanso, chifukwa chodulidwa sichimeranso. Nambala ikakhala yoipa pa matchanelo onse, vuto si utali ayi, ndi masa kapena chingwe. Kachipangizoka sikafunika pa galimoto iliyonse. Eni magalimoto a m'tauni imodzi atasonkherana n'kugula kamodzi, kangatumikire onse zaka zambiri, bola kakhale koyenera mafunde a mawailesi awo, pakuti ka CB sikayeza UHF.

Tsopano za magetsi, pamene pamapsera mawailesi ambiri pa tsiku loyamba. Makamyawu aakulu amayendera mavolti 24, pamene mawailesi ambiri anapangidwira 12. Woyamba kulakwa ndi amene amalumikiza osawerenga cholembedwa kumbuyo kwa bokosi, utsi n'kutuluka. Wachiwiri ndi wochenjera, amene amati popeza pali mabatire awiri a mavolti 12, atenge pa limodzi. Wailesi imayaka ndithu, koma batire lija limayamba kutha msanga kuposa linzake, ndipo olitaneta, imene imawadyetsa onse mofanana, imasiya limodzi ndi njala pamene linalo lakhuta mopitirira. Pakapita miyezi onse awiri amafa, ndipo mtengo wa mabatire awiri a kamyawu aliyense akuudziwa. Choipa koposa, akatenga pa batire limene silinalumikizidwe ku thupi la galimoto, waya wakuda wa wailesi umakumana ndi masa kudzera pa antena, ndipo chingwe chimayaka. Njira yake ndi kabokosi kotsitsa mavolti kuchoka pa 24 kufika pa 12. Wailesi ya mawati 50 imakoka maampeya pafupifupi 10 polankhula, kotero kabokosiko kakhale ka maampeya 15 kapena kuposa.

Waya wa magetsi ukhale wonenepa, uchokere ku batire mwachindunji, osati pa soketi yoyatsira fodya, ndipo fyuzi ikhale pafupi ndi batire penipeni kuti waya ukachekeka panjira ipse fyuziyo m'malo mwa kabini. Chizolowezi chomanga fyuzi yakupsa ndi kawaya kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya ndudu chatenthetsa magalimoto okwanira. Wailesi ikamalira mluzu wokwera ndi kutsika motsatira injini, ndi phokoso la olitaneta, ndipo kawirikawiri limachepa magetsi akatengedwa ku batire ndi masa akakonzedwa. Bokosi lenilenilo lisaikidwe pamwamba pa dashibodi. Dzuwa la mu Okutobala ku Tete, pamene kutentha kumapitirira madigiri 40 pamthunzi, limaphika chilichonse chili kuseri kwa galasi.

Zonse zanenedwazi ndi za magalimoto oyenda limodzi. Kamyawu yopita yokha ku Zumbo, kumene kuli makilomita oposa 300 kuchokera ku Tete ngakhale poyeza mowongoka, VHF singaithandize kulankhula ndi kunyumba pokhapokha patakhala wailesi yobwereza mawu pamwamba pa phiri. Apa ndi pamene HF ija ya magalimoto oyera imalowa. Mafunde ake amakwera m'mwamba, n'kugunda chophimba china cha mlengalenga chimene chimawabweza pansi kutali, kudumpha mapiri onse. Chophimbacho chimasintha ndi dzuwa, kotero tchanelo yomveka masana imafa usiku, ndipo pafunika ziwiri, ya mafunde okwera masana ndi yotsika usiku. Ili ndi khalidwe linanso lodabwitsa: ndodo yoimirira imatha kumveka bwino ku Maputo koma osamveka pa mudzi wa makilomita 100, chifukwa mafunde adumpha pamwamba pake. Odziwa amapinda ndodo n'kuimangirira mogona kuti mafunde akwere chilili ndi kugwa pafupi. HF ndi yodula, ndipo si ya aliyense. Koma kwa kampani yokhala ndi magalimoto ogona m'tchire la Marávia ndi Zumbo, mtengo wake uyerekezedwe ndi wa galimoto yokhala masiku 4 osadziwika kumene ili.

Mafunde a wailesi ali ndi mwini wake, ndiye boma, ndipo amene amawagawa m'dziko muno ndi bungwe la INCM. Kampani yofuna tchanelo yake ya VHF kapena HF imapempha chiphaso kumeneko n'kupatsidwa nambala zake. Izi zafunika kunenedwa chifukwa m'misika mwadzaza timawailesi ta m'manja ta ku China monga Baofeng UV-5R, timene timatha kulankhula paliponse kuyambira 136 mpaka 174 MHz ndiponso pa UHF. M'kati mwa mpata umenewo muli matchanelo a anthu ena, kuphatikizapo 156.8 MHz imene dziko lonse lapansi linaipatula kuti ikhale yoitanira thandizo pamadzi. Munthu wongotola nambala m'mutu mwake akhoza kupezeka akulankhula za matumba a chimanga pa tchanelo ya apolisi kapena ya chipatala. Safunsa anadya phula. Ndipo chiphaso cha kuno chimathera pa malire: wodutsa pa Zóbuè kapena pa Calómuè walowa m'manja mwa MACRA, wa pa Cassacatiza m'manja mwa ZICTA, wa pa Cuchamano m'manja mwa POTRAZ.

Timawailesi timeneti tisanyozedwe. Kamodzi kali m'kabini, chitsulo chitakazungulira mbali zonse, kamafika pafupi kwambiri, koma kakalumikizidwa ku antena ya padenga kamasintha ngati kakula. Ndipo kali ndi ntchito imene wailesi yomangirira singaigwire. Ajudanti akatsika kukayeza madzi powolokera kapena kulondolera mateyala pa mlatho wa mitengo, amalankhula ndi dalaivala osafuula kupikisana ndi injini. Galimoto ikafera m'chigwa, amakanyamula n'kukwera nako chitunda chapafupi.

Kalankhulidwe nako kamafuna mwambo, chifukwa pa tchanelo imodzi amalankhula munthu mmodzi pa nthawi. Wodina batani adikire kamphindi asanayambe, apo ayi mawu oyamba amadulidwa, ndipo "musabwere" amamveka "bwere". Atchule amene akumuitana, kenako adzitchule yekha: "Galimoto 3, galimoto 3, kuno galimoto 1, mukundimva? Escuto." Mawu a Chipwitikizi akuti escuto amauza mnzake kuti tsopano ndi nthawi yake, ndipo terminado amatseka nkhani. Malonje aatali a kunyumba, ana ndi mbuzi adikire pa malo opumira. Wa kutsogolo ntchito yake ndi kunena dzenje, ng'ombe ndi galimoto yobwera, wa kumbuyo ndi kunena kuti onse awoloka. Ponena malo atchule mtsinje kapena mudzi umene wangodutsa, pakuti "tili pa mtengo waukulu uja" sizithandiza munthu wochokera ku Ulongué usiku. Maikolofoni ipachikidwe pa malo ake. Ikagwera pampando munthu n'kuikhalira, batani limadinika, ulendo wonse umakhala ukumvetsera nkhani za m'kabini imodzi ndipo palibe wina angaitane.

Pa wailesi palibe chinsinsi. Mawailesi ambiri ali ndi timanambala totchedwa CTCSS timene ogulitsa amati ndi ta chinsinsi, koma ntchito yake ndi kutseka khutu la mwini wake kuti asamve anthu ena. Ena onse amamumva bwinobwino. M'nyengo yogula chimanga, soya ndi mbatata, pamene magalimoto amayenda ndi ndalama m'chikwama, kunena pa wailesi kuti ndalama zili m'galimoto iti ndipo igona pati n'chimodzimodzi kulengeza pa msika.

Pali malo amene batani siliyenera kudinidwa konse. Pafupi ndi pamene akuphulitsa miyala, monga m'migodi ya malasha ya ku Moatize ndi m'makwale, mafunde a wailesi akhoza kuyatsa zophulitsira za magetsi, ndipo zikwangwani zoletsa zimene zimaikidwa pamenepo si zokongoletsa. Pothira petulo ndi bwino kudikira. Mphezi ikamang'anima pafupi, munthu asaime pa chitunda ndi ndodo m'manja, ndipo pa HF, imene imatulutsa mawati 100 ndi kuposa, wogwira antena wina akulankhula amapsa dzanja. Ana a m'midzi amakonda kugwedeza ndodo ya pa bampa galimoto ikaima, kotero dalaivala ayang'ane kaye kutsogolo asanadine.

Usiku woti mawa ndi ulendo, eni magalimoto ndi madalaivala apangane zinthu zochepa ndipo zilembedwe pa pepala lomatidwa m'kabini iliyonse: tchanelo yoyamba, tchanelo yothawirako ikadzaza phokoso, ndi nthawi zoitanirana ndi kunyumba, mwachitsanzo 6 koloko m'mawa, 12 koloko masana ndi 6 koloko madzulo. Apanganenso chochita galimoto ikaphonya nthawi ziwiri zotsatizana, ndani anyamuke ndipo adzere msewu uti. M'mawa galimoto imodzi itsogole makilomita 2 kapena 3 n'kuitana, chifukwa mawailesi awiri oyandikana pa garaji amamvana ngakhale antena itaduka chingwe. M'bokosi la zitsulo mukhale mafyuzi apadera, ndodo ina ya antena, tepi, ndi batire lachiwiri la kawailesi ka m'manja lodzaza kale. Ndipo galimoto ikatitimira moti igona pomwepo, wailesi isasiyidwe yoyaka usiku wonse injini ili yozima. Azitsegula pa nthawi zopanganazo, pakuti mabatire omwewo ndi amene adzafunike kulizira injini thirakitala ikafika.